NKHONO NDI CIGOBA CACE

Nkhani ya lero yacokera m'kalata imene tinalandira kwa mphunzitsi wina wa sukulu ya kumudzi m'dziko la Mfumu Zingalume, ku Chadiza. Mphunzitsiyo anena kuti mvula yoyamba itagwa, ana ace a sukulu anatola nkhono zinai zazikuru m'mbali mwa dimba, naziika m'cidebe kuti aziziyang'anira pa phunziro la zolengedwa. Anazipatsa masamba a kabici ndi madzi tsiku ndi tsiku, ndipo nkhonozo zinadya bwino ndithu. Koma itapita miyezi iwiri, milomo ya zigoba zao inayamba kupyapyala ngati pepala, ndipo tsiku lina mwana wina pogwira imodzi, cigoba cinaphwanyika m'manja mwace. Mwanayo analira, poyesa kuti walakwa ndiye. Tsono mphunzitsi afuna kudziwa cimene cinasowa m'cidebemo.

Ndidziwa kuti ena a inu mwayamba kale kuseka. Mulikuti, Kodi nkhono nayo yasanduka ciweto? Zoonadi ife a kuno sitiweta nkhono, ndipo ambiri a ife sitiidya konse. Koma dziko ndi lalikuru. Ku Ghana ndi ku Nigeria nkhono ndi ndiwo yomveka, aigulitsa pa msika, ndipo alipo anthu oiweta m'makola monga ife ticita ndi nkhunda. Ku England ana ena asunga nkhono za kuno ku Afrika m'mabokosi agalasi cifukwa congozikonda, monga mwana wa kuno akonda kagaru kace. Ngakhale makolo athu sanaipepule nkhono, pakuti anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni tsono tidekhe pang'ono, cifukwa cimene cinasowa m'cidebe ca ana aja cirikusowanso m'makola ambiri a nkhuku ndi m'minda ina ya nsawa.

Poyamba tifunse kuti cigoba nciani. Ana ambiri aganiza kuti nkhono ipeza cigoba cace m'thengo nilowamo, ndipo ikakula ituruka kukafuna cina cacikuru. Si momwemo iai. Nkhono ibadwa naco, cacing'ono ndi coonekera mkati, ndipo siicokamo kufikira tsiku la imfa yace. Thupi lace lamangika kucigobaco ndi mnofu wolimba, ndipo mtima wace, phapo lace ndi matumbo ace zonse ziri m'katimo. Cigoba ciri kwa nkhono monga mafupa ali kwa inu ndi ine; kusiyana kwace nkwakuti ife tibvala mnofu kunja kwa mafupa, koma nkhono ibvala mafupa ace kunja kwa mnofu.

Kukamwa kwa cigoba, pamene thupi liturukira, kuli khungu lofewa lozungulira ngati mkombero wa licero. Khungu limeneli ndilo mmisiri womanga. Poyamba liturutsa kacikopa kopyapyala, kamene kaphimba cigoba kunja ndi kucicinjiriza; ndipo pansi pa kacikopako liyala mwala pang'ono pang'ono, monga womanga nyumba ayala njerwa mzere pa mzere. Cotero cigoba cikulira kukamwa. Nsonga ija yosongoka kumbuyo ndiyo cigoba ca ukhanda wace, ndipo mlomo ndiwo nchito ya dzulo ndi dzana. Mukatenga cigoba ndi kucipenda bwino padzuwa mudzaona timizere tambiri totsatana, ndipo pena mudzaona mzere umodzi wokhuthala kuposa inzace. Pamenepo ndi pamene nkhono inaleka kukula kanthawi, kawirikawiri cifukwa ca cilimwe, niyambanso mvula itabwera.

Mwala umene nkhono imangirawu ndiwo laimu. Anthu a sayansi aucha calcium carbonate, ndipo cinthu cofunikitsa m'menemo ndico kashiamu. Mwa magawo 100 a kulemera kwa cigoba, oposa 95 ndi mwala umenewu. Ndi womwewo umene akumba ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, pokonza simenti. Ndi womwewonso umene uyera m'kati mwa ketulo kwa iwo amene aphika tiyi ndi madzi a m'zitsime za ku Lusaka, pakuti mzinda umene uja ukhala pamwamba pa thanthwe la laimu. Cigoba ca dzira la nkhuku ndi mwala womwewo.

Musangokhulupirira mau anga, yesani nokha. Tengani cigoba cakale coyera, cimene mwini wace anafa kale, mucipere pang'ono pamwala kuti citurutse ufa, ndipo pa ufawo mudontheze madzi a ndimu kapena viniga. Mudzaona tithovu tirikuturuka, ndipo ufa udzayamba kusungunuka. Mucite comweco ndi cigoba ca dzira, mudzaona zomwezo. Ndikupemphani musunge cimeneci m'mtima, kuti cinthu cowawasa cidya laimu, pakuti tidzabwererako kutsogoloku.

Tsono nkhono siingathe kupanga kashiamu m'thupi mwace. Iyenera kumpeza m'zakudya zace. Pansi pa mutu wace pali kamwa, ndipo m'kamwamo muli lilime longa tupa, lokhala ndi timano zikwi ndi zikwi. Usiku kuli zii, mukachera khutu pafupi ndi nkhono yaikuru irikudya, mudzamva kupala kwace. Ndi lilime limeneli siidya masamba okha. Ipala dothi, ipala mafupa akale ogona m'chire, ipala zigoba za mazira a mbalame ndi zigoba za nkhono zinzace zakufa. Ena a inu munaona nkhono itakangamira pakhoma la calici kapena la sukulu lopaka njereza kalekale, ndipo munayesa kuti yasokera. Koma iyo inapeza cakudya. Ngakhale kamwana ka nkhono, kakangoswa, cakudya cace coyamba ndico cigoba ca dzira m'mene kanaturukamo.

Ndipo laimu afunika pa zina zoposa kukula. Mvula ikatha, mwezi wa May kapena June, nkhono ilowa pansi pa zinyalala kapena m'nthaka, nitseka pakhomo pace ndi citseko coyera ca mamina osanganiza ndi laimu, nigona m'menemo cilimwe conse kufikira November. Mazira ace nawonso akhala ndi tizigoba ta laimu. Nkhono ikasowa laimu m'zakudya, isungunula pang'ono cigoba cace comwe m'kati kuti ilipire nchito zimenezi, monga munthu wa njala apasula denga la nkhokwe kuti apeze nkhuni. Pamenepo cigoba cipyapyala, mlomo ukhala wofewa, ndipo cala ca mwana cikhoza kuboola.

Taonani tsono cimene cinacitika m'cidebe muja. Nkhonozo zinali ndi masamba ndi madzi, koma zinalibe dothi, zinalibe mafupa, zinalibe zigoba. M'masamba a kabici muli kashiamu ndithu, koma ndi wocepa kwa cinyama cimene cirikumanga nyumba ya mwala. Cakudya cinacuruka, thupi linakula msanga, ndipo mmisiri anasowa njerwa. Mwana uja asadziimbe mlandu. Cigobaco cinali citaonongeka kale asanacigwire.

Mankhwala ace sagulidwa ndi ndalama. A ku England agulira nkhono zao cigoba coyera ca m'thupi mwa cinyama ca m'nyanja yamcere cochedwa cuttlefish. Ife tiri kutali ndi nyanja yamcere, ndipo sitisowa kupitako. Mwana ali yense apemphe amai ace zigoba za mazira. Muzitsuke, muziwiritse pang'ono, muziyanike padzuwa, ndipo zikauma muzisinje kufikira zikhale ufa. Zigoba zakale za nkhono zotola m'thengo nazonso nzabwino, mukaziwiritsa ndi kuzisinja comweco. Ngati wina ali ndi laimu wothira m'munda, amene ali mwala wogayidwa cabe, ameneyo ngwabwino koposa. Ufawo muuike m'kacibvundikiro ka botolo pangodya ya cidebe, ndipo uzikhalamo masiku onse. Musaukakamize pa cakudya ciri conse. Nkhono idziwa yokha muyeso wace, ndipo idzapita kukadya pamene thupi lifuna. Pansi pa cidebe muyale dothi lakuya ngati kutalika kwa cala, ndipo ine ndikadatenga la pa culu, pakuti ciswe cikweza dothi la pansi penipeni, ndipo kawirikawiri dothi la pa culu likhala ndi kashiamu wambiri kuposa la m'munda wozungulira. Dothilo likhale lacinyontho, koma osati matope.

Pano ndiyenera kucenjeza kolimba, cifukwa dzina la laimu lisokoneza anthu. Alipo laimu wina woocha pamoto, amene omanga nyumba asungunula m'madzi popanga njereza. Ameneyo akali watsopano aocha khungu la munthu, ndipo nkhono aipha ndithu. Njereza ikhala yosaopsya itakhala pakhoma nthawi yaitari, mphepo itaizizira ukali wace. Koma ya m'thumba musaiyandikize. Simenti comweco. Phulusa lirinso ndi kashiamu, koma ndi laukali, ndipo ncifukwa cace a madimba aliwaza pozungulira mbeu kuti nkhono zisafike. Mcere ndiwo mdani wamkuru, pakuti ukoka madzi onse m'thupi mwa nkhono. Cotero makombo a ndiwo zothira mcere asalowe m'cidebe. Nanga coko ca m'sukulu? Mphunzitsi angayese kuti cimeneco ndico capafupi. Koma coko cambiri ca masiku ano acipanga ndi mwala wina wochedwa gypsum, ndipo camitundu ciri ndi utoto. Ciyeseni ndi madzi a ndimu. Cikapanda kuturutsa thovu, si mwala umene tirikunenawu, ndipo ndi bwino kukhala ndi zigoba za mazira.

Pa zakudya ndisacurutse mau. Nkhwani, bonongwe, nkhaka, papaya wakupsya ndi dzungu, zonsezi nkhono idya. Muzisinthanitsa, ndipo zikhale zosapopera mankhwala a tizirombo. Ndimu ndi malalanje musaipatse.

Kagwiridwe nako kali ndi mwambo wace. Nkhono ikakangamira pacinthu, musaizule ndi cigoba, pakuti mungang'ambe mnofu uja umene umanga thupi kucigoba, ndipo bala limenelo silipola. Nyowetsani dzanja, mulowetse cala pansi pa mutu wace pang'ono pang'ono, ndipo idzakwera yokha. Musagwire pa mlomo, pamene pali nchito yatsopano yosalimba. M'cidebe musaikemo miyala, cifukwa nkhono ikonda kukwera kucibvundikiro, ndipo ikagwa igwere padothi lofewa. Cigoba cikang'aluka pang'ono, kapena mlomo ukabenthuka, musamate ndi ulimbo kapena cinthu cina. Ipatseni laimu ndi cinyontho, muileke. Khungu lija lidzamata lokha kucokera m'kati, ngakhale cipsyera cidzakhala coyera ndi cokakala masiku ace onse. Koma cigoba cikaphwanyika kwambiri kufikira matumbo aonekera, nkhonoyo siikhala moyo.

Makolo angafunse ngati ana sadzatenga nthenda. Funso limeneli ndi loyenera. Nkhono ya pamtunda siipatsa likodzo. Likodzo licokera ku tinkhono tating'ono ta m'madzi oima, monga Robert Leiper anaonetsera ku Egypt m'caka ca 1915. Cifukwa cace ana asatole nkhono za m'madzi, kaya m'mbali mwa Nsadzu kaya padambo la kwao, ndipo asamasewere m'zithaphwi pozifuna. Koma nkhono ya pamtunda nayo ikhoza kusenza tinyongolotsi ta makoswe, timene m'maiko ena otentha tadwalitsa anthu nthenda ya m'mutu. Cotero wogwira nkhono asambe m'manja ndi sopo asanadye kanthu, ndipo ndiwo zamasamba za kudimba zitsukidwe bwino.

Cenjezo lina ndi la kusanyamula nkhono kupita nayo kutali. Nkhono zambiri za pamtunda ndi zazimuna ndi zazikazi pamodzi, cotero ziwiri zikakomana zonse ziwiri zikhoza kuikira, ndipo mtundu waukuru wa kum'mawa kwa Afrika, wochedwa Achatina fulica, uikira mazira mazana nthawi imodzi. M'caka ca 1966 mnyamata wina wa ku Miami, m'dziko la Amerika, anabwera nazo zitatu kucokera ku Hawaii kuti aziwete, ndipo agogo ace pambuyo pace anazitaya m'munda wa maluwa. Zitapita zaka 7, anthu anali atatola zoposa 18,000. Zinadya mbeu, zinapala ndi pulasitala wa pamakoma a nyumba pofuna laimu, ndipo Boma la Florida linataya madola 1,000,000 ndi zaka ngati 10 pozithetsa. Kuno kwathu nkhono iri ndi adani ace oicepetsa, mbalame ndi tizirombo ndi cilimwe. Kumene kulibe adani amenewo isanduka mliri.

Tsopano ndibwerere ku mau aja ndinakupemphani kusunga, akuti cowawasa cidya laimu. Ku Holland anthu ophunzira za mbalame anadabwa kuona kuti m'nkhalango zina kambalame kena kakang'ono, konga timba wathu, kanayamba kuikira mazira a zigoba zopyapyala, amene anauma kapena kusweka asanaswe ana. Jaap Graveland ndi anzace analondola cifukwa cace, nalengeza m'caka ca 1994. Utsi wa m'mafakitale ndi zina zoipitsa mpweya zinawawasitsa mvula, mvulayo inatsuka kashiamu m'nthaka yosauka ya m'nkhalangozo, nkhono zinacepa, ndipo mbalame zazikazi, zimene zidya zigoba za nkhono pa nyengo yoikira, zinasowa comangira mazira ao. Atazipatsa zigoba zosinja, mazira ambiri anakhalanso olimba. Laimu acokera m'nthaka, alowa m'nkhono, nafika m'dzira. Pakaduka pamodzi, onse a kutsogolo asauka.

Nkhani imeneyi si ya ku Ulaya kokha. Amai ambiri a ku Chadiza adandaula kuti nkhuku zao ziikira mazira ofewa, ena opanda cigoba konse, ndipo ena ayamba kuganizira anansi ao. Tamverani. M'cigoba ca dzira limodzi muli kashiamu wolemera magalamu ngati 2, ndipo thadzi licimanga m'maora ngati 20, makamaka usiku. Nkhuku yoyenda yokha m'mudzi idzitolera tizigoba, timafupa ndi tizirombo. Koma mukaitsekera m'khola pa nyengo ya mbeu ndi kuipatsa gaga yekha, mwaiika m'cidebe ca ana aja, pakuti m'cimanga kashiamu ngwocepa kwambiri. Thadzi liyamba kutenga kashiamu m'mafupa ace, miyendo ifoka, mazira afewa, ndipo potsiriza lileka kuikira. Mankhwala ace ndi omwe aja: zigoba za mazira kapena zigoba zakale za nkhono, zokazinga pamoto ndi kusinja, kuziika m'kambale pakhola. Musinje bwino kuti zisaonekenso ngati dzira, pakuti nkhuku ikaphunzira kujompha mazira siileka. Iwo amene agula cakudya ca nkhuku zoikira ca m'matumba sabvutika, cifukwa okonza anasanganizamo kale laimu.

Alimi a nsawa, zimene abale athu a ku Malawi azicha mtedza, adziwa cisoni ca kukumba phata lobala bwino ndi kupeza makoko opanda njere. Nsawa iri ndi khalidwe lacilendo: khoko lace silirandira kashiamu wokwanira kucokera kumizu, koma liyamwa lokha m'dothi limene lalizinga. Dothi la pamwambalo likasowa kashiamu, kapena likauma pa nthawi imene njere zirikukhwima, khoko likula koma m'kati mulibe kanthu. Mitundu ya njere zazikuru, monga Chalimbana, ndiyo ibvutika koposa. Mapiri ambiri a dziko lathu lino ndi a mwala wolimba wochedwa granite, umene ulibe laimu wambiri monga thanthwe la ku Lusaka. Ndipo feteleza wa urea, ngakhale akometsa cimanga, akathiridwa caka ndi caka awawasitsa nthaka pang'ono pang'ono. Sindirikuti mlimi ali yense athamangire kukagula laimu. Minda isiyana, ndipo laimu wocuruka naye aononga. Nthaka iyenera kuyesedwa poyamba. Alangizi a zaulimi adziwa njira yotumizira dothi kukayesedwa, ndipo alipo akatswiri a nthaka ku Mount Makulu, pafupi ndi Chilanga, ndi a nsawa ku Msekera, pafupi ndi Chipata.

Kwa inu aphunzitsi amene munatilembera, ndikupemphani cinthu cimodzi. Nkhono zitatu zatsalazo musazitaye tsopano. Mutaika dothi ndi ufa wa zigoba m'cidebe, lembani kadontho ndi pensulo pafupi ndi mlomo wa cigoba ciri conse, mosamala, ndipo Lacisanu liri lonse ana ayese ndi rula kutalika kwa cigoba catsopano kupitirira kadonthoko, nalembe m'mabuku ao. Ayang'anenso ngati catsopanoco ciri colimba kuposa cakale. Mwana uja analira ndiye akhale wosunga kacibvundikiro ka laimu. Mwezi wa April, mvula isanathe, mukazibwezere kuchire la pafupi ndi pamene munazitola, kuti zipeze nthawi yokumba ndi kutseka zitseko zao cilimwe cisanafike. Koma musaziike m'dimba mweni mweni, mwini dimba angatilembere kalata ya mtundu wina. Mukatero mutidziwitse zimene ana anapeza, ndipo tidzaziwerenga pa wailesi.